Mpweya wa Mkazi wa Mwini

"Pakamwa! Pakamwa penipeni, doko lonse likuona! Ndiye mukufuna ine ndiziyenda bwanji pamudzi pano?"

Abdallah ankalankhula ataimirira pakati pa nyumba, foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkawomba mwera. Mkazi wake, Hidaya, anali atakhala pamkeka akusankha mpunga m'lichero. Sanasiye kusankhako, koma timiyala tina ankatibwezera mumpunga momwemo osazindikira.

"Munthu uja anali atasiya kupuma, bambo a Sumaiya."

"Atasiya kupuma, ndiye dokotala munali inuyo? Amuna panalibe pamenepo?"

"Analipo, ambirimbiri. Ndi amene anamugwira miyendo n'kumuzondotsa ngati mbuzi yofuna kusendedwa."

"Ndi mmene timachitira kuyambira kale! Madzi atuluke!"

"Madzi anatuluka. Mpweya ndi umene sunalowe."

"Mwakumva kuyankhako?" Awa anali a Sakina, achemwali ake a Abdallah, amene anali ataima pakhomo atamanga chitenje m'chiuno ngati munthu wobwera kudzathandiza ntchito. Ntchito imene anabwerera inali yomweyi. "Achimwene, ine ndinanena kalekale. Munthu wa kumtunda ndi wa kumtunda basi. Angavale mpango mpaka m'maso, manyazi sangawadziwe. Astaghafirullah! Mkazi wapabanja kugwada pamchenga, kutsina mwamuna wa eni mphuno, n'kumuika mlomo! Osatinso kamodzi ayi, kubwerezabwereza!"

"Alamu, mukanakhalapo mukanaona nokha. Milomo yake inali itada bii."

"Eya, milomoyo munaiyang'anitsitsa ndithu," anatero a Sakina, n'kusekera m'mphuno.

Nkhani yake inali iyi. Dzana lake m'mawa, boti ina inagudubuzidwa ndi mafunde ikuyandikira doko, ndipo msodzi wina dzina lake Jameson anakodwa mwendo mu ukonde. Pamene anzake ankamuvuula n'kuti atalobodokeratu. Anamuzondotsa, anamugwedeza, wina anamuponda pamimba, amayi ena n'kuyamba kale kulira maliro. Hidaya anali pamathandala akuyanika usipa wa mwamuna wake, ndipo zonsezi ankaziona.

Chimene chinamuimiritsa ndi kabuku ka mwana. Sumaiya, mwana wawo yekhayo, anabwera nako kuchokera kusukulu, kogawidwa ndi alendo ena amene anafika pagalimoto n'kuchoka tsiku lomwelo. Munali zithunzi za mlonda wa pagombe wovala malaya ofiira, wokhala pampando wautali ngati nsanja, ntchito yake kungoyang'anira anthu osambira. Kuno mpando wotero sitinauonepo. Alonda amene tili nawo amalonda mainjini ndi maukonde, munthu amadzilonda yekha. Koma mwanayo anakakonda kabukuko moti masana alionse ankawakhazika pansi mayi ake kuti amve mmene akuwerengera, kenako n'kuwakakamiza kuti ayesere pa pilo: kupendeketsa mutu, kutsina mphuno, kuuzira, kupanikiza pachifuwa. Hidaya ankachita akuseka, pofuna kuti mwana asiye kuvuta. Tsamba lina linali ndi chithunzi cha anthu atazondotsa mnzawo, ndipo pachithunzipo panadutsa mtanda waukulu wofiira.

Iye mwini kusambira sankadziwa. Anakulira ku Chinguluwe, kumene madzi akuya kwambiri ndi a m'munda wa mpunga, ofika m'mawondo. Koma m'mawa umenewo anangozindikira ali pakati pa amuna akukuwa kuti, "Mugonekeni chagada!" Amunawo anamvera chifukwa chodabwa. Anauzira, anapanikiza, anauziranso, mikono mpaka kuchita dzanzi, kufikira Jameson atatsokomola n'kusanza madzi ndi mchenga womwe. Ena anakuwa Allahu Akbar, ena anatchula Yesu, amayi analuluta. Hidaya anali munthu wamkulu padokopo kufikira dzuwa litafika pamutu.

Masana ake kanema anali atayamba kuyenda. Wina amene manja ake anasowa chochita nthawi yonse ija anajambula pafoni, n'kudula zonse za kuzondotsa ndi kupanikiza, kusiya pokhapo pa mlomo. Anaikamonso kanyimbo kachikondi. Anthu oterewa alipo, ndipo amadya n'kukhuta bwinobwino.

"Kanemayu wafika ku Khombedza," anatero Abdallah akugwedeza foni ija pamaso pa mkazi wake. "Munthu amene ndimamugulitsa usipa ku Lilongwe watumizira ine mwini wake, ati, Che Abdallah, awa si alamu?"

"Ndiye mukanakonda kuti afe?"

"Sindinanene choncho."

"Nanga mwanena chiyani?"

Abdallah anaponya foni m'thumba. Anavala nsapato molakwitsa, yakumanja kumanzere, anakonza ali panja, n'kulowera kudoko. A Sakina anatsala. Maso awo anagwa pa kabuku kaja kali pawindo, ndipo anakatola ndi zala ziwiri.

"Ndi kameneka kakuphunzitsani chiwerewere? Mwana wa mchimwene wanga asamawerenge zinthu zotere."

"Ndi ka Sumaiya, alamu. Kasiyeni."

"Ndikakasunga ine."

Anakasungadi. Tsiku lotsatira, aliyense wogula zitumbuwa za a Sakina pamsika wa padoko anazilandira zitakulungidwa m'pepala la zithunzi, mlonda wa malaya ofiira atanyowa mafuta. Sumaiya analira mpaka kutupa maso.

Masiku otsatirawo Hidaya sankakhazikika. Akakhala pansi ankafuna kuimirira, akaimirira ankasowa kopita. Pamathandala amayi amene ankagawana nawo nkhani tsiku ndi tsiku anayamba kuyanika usipa wawo chapatali. Akamadutsa, anyamata okoka khoka ankadzigwetsa pamchenga n'kumakuwa, "Ndamira ine! Itanani mayi aja!" Iye ankangoyenda maso ali kutsogolo. Chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti ambiri mwa osekawo analipo tsiku lija, ndipo analuluta nawo.

Kumjigo anakumana ndi Eveles, mkazi wa Jameson. Hidaya ataona kuti mayiyo akubwera molunjika kwa iye, mtima unatsika pang'ono, poganiza kuti mwina mmodzi yekha wabwera kudzathokoza.

"Inu ndi amene mumauzira amuna a eni?" anatero Eveles, ndowa ili m'manja.

"Ndi ine amene ndinathandiza bambo a kwanu."

"Kuthandiza! Munthu akungobuula atagwira pachifuwa, kudya sakudya. Munamusiyira chiyani m'thupimo?"

"Ndi nthiti, mayi. Ndinapanikiza kwambiri. Mupite nawo kuchipatala akaione."

"Ndipite nawo kuti? Msewu wake uti umene anthu sakundiloza? Kutchalitchi amayi anzanga akundifunsa ngati ndapeza mkazi mnzanga. Akanangopita, bwenzi pano ndikulira ngati munthu, anthu akundipepesa. Koma izi!"

Atangotero anadzigwira pakamwa. Misozi inalengeza, ndipo anatembenuka n'kubwerera ndowa ili yopanda madzi. Hidaya sanamukwiyire. Anaona kuti mayiyo mawuwo sanawafune, anangomuthawa pakamwa chifukwa cha kutopa ndi kusekedwa. Koma anamulowa ndithu, ndipo anapopa madzi mpaka kusefukira osaona.

Lachisanu Abdallah anabwera kuchokera kumzikiti nkhope itamasukako. Anakhala pakhonde, n'kuvula kofiya, n'kumaizunguza m'manja.

"Ndawafunsa a shehe," anatero.

"Ati bwanji?"

"Ati palibe haramu pamenepo. Ati kupulumutsa moyo wa munthu ndi thawabu yaikulu, mphotho ya kwa Mulungu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Anenanso pagulu pomwe, anthu onse akumva."

"Alhamdulillah. Ndiye nkhani yatha?"

"Mumzikiti yatha. Koma titangotuluka, pa bawo paja wina wandifunsa ngati nayenso atakomoka ndingamubwerekeko mankhwala a kunyumba kwanga." Anaponya kofiya pansi. "Mayi a Sumaiya, ine malonda anga ndi a pakamwa. Ndikafika pa boti kuti tikambirane mtengo, anthu akuyamba ndi kuseka. Achemwali akuti ndikapanda kuchitapo kanthu ndiye kuti ndinadyetsedwa. Aitanitsa kale ankhoswe."

"Ankhoswe? Pamlandu wanji?"

"Mverani kaye. Akabwera, tidzamuitane Jameson. Iyeyo akadzanena ndi pakamwa pake, anthu akumva, kuti anali atapita, sankadziwa kanthu, ine ndidzakhala ndi choyankha aliyense. Ndidzati, mwamva nokha, unali mtembo. Mtembo sapsompsona."

"Ndiye banja lathu lili pakamwa pa Jameson?"

"Nanga akananiranji? Si moyo wake munamupatsa?"

Hidaya sanafune kudikira tsikulo ali manja lende. M'mawa mwake anamufunafuna Jameson n'kumupeza kumapeto kwa doko, kuseri kwa boti yakale yobooka, akusoka ukonde yekhayekha. Anali bambo wamfupi wa mapewa otambalala, koma tsopano ankakhala chopendekera mbali imodzi. Hidaya anaima patali ndithu, poyera, kuti aliyense woona aone kuti pakati pawo pakhoza kudutsa ngolo.

"A Jameson, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mayi." Sanakweze maso.

"Ankhoswe akubwera sabata yamawa. Akufuna mudzanene zimene zinachitika."

"Ndamva."

"Mudzangonena zoona basi. Kuti simunkapuma."

"Mayi, mukudziwa zimene akunditchula? Wodzutsidwa ndi mlomo. Ndikamadutsa akumalira ngati makanda. Mwini boti akuti aganize kaye ngati anganditengenso, ati msodzi womira pamadzi oti mwana amaima ndi tsoka pa boti. Ine ndayenda panyanjayi kuyambira ndilibe ndevu. Ndawolokapo mpaka tsidya, mwera uli pachimake."

"Ukonde ndi umene unakukolani. Aliyense akanamira."

"Zimenezo akuzinena ndani?"

"Mudzazinene inuyo. Ine banja langa likutha, bambo."

Jameson anakoka ulusi, n'kuuluma ndi mano. "Ndidzabwera," anatero. "Musadandaule, ndidzakonza."

Hidaya anabwerera akudziuza kuti munthuyo walonjeza. Koma mawu akuti ndidzakonza anamukhala pakhosi sabata yonseyo. Zoona sizifuna kukonza.

Tsiku la nkhani, atsibweni ake a Hidaya, a Mose, anafika panjinga kuchokera ku Chinguluwe, buluku atalipisira m'sokosi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mbali ya Abdallah kunali a Ayub, amalume ake, munthu wokalamba wolankhula pang'onopang'ono ngati akulipira liwu lililonse. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Nkhani inali ya pabanja, koma mpanda wa bango uli ndi mipata, ndipo mumpata uliwonse munali diso. A Sakina anakhala pafupi ndi mpandawo, kuti liwu likalephera kudutsa alithandize.

Jameson anabwera atavala malaya oyera a kutchalitchi. Anapereka moni, n'kukhala pa chitsa, akuyang'ana kumpanda kuja kumene ankamva anzake a pa boti akunong'onezana.

"A Jameson," anayamba a Ayub, "ife sitinakuitaneni pamlandu. Tikufuna mutithandize. Tsiku lija, pamene anakuvuulani, munali bwanji?"

Jameson anakonza kukhosi. Kuseri kwa mpanda wina analira ngati khanda, ena n'kuseka mobisa. Khutu la Jameson linagwedera.

"Akuluakulu, ine ndinabadwira m'madzi," anatero mokweza, kuti a kumpanda amve. "Zoti ndinamira ndi nkhani za anthu. Ndinamwako madzi pang'ono, inde, ndinatopa. Ndiye ndinangoti ndigone kaye ndipume."

"Mupume," anabwereza a Ayub.

"Eya. Akanandisiya ndikanadzuka ndekha."

"Ndiye kuti zimene zinkachitika munkazimva?"

"Zonse. Ine sindinakomokepo chibadwire."

"Ngakhale pamene mayiwa ankaika pakamwa pawo pa panu, munali maso?"

Apa ndi pamene Jameson anaona dzenje limene anakumba, koma n'kuti mwendo umodzi uli kale m'katimo. Anayang'ana kumpanda, anayang'ana pansi.

"Ndinangotsinzina," anatero motsitsa. "Ndinachita manyazi kuwakankha. Ndi mayi aulemu wawo."

Kuseri kwa mpanda kunaphulika chiphwete, wina mpaka kuimba mluzu. A Sakina anawomba m'manja kamodzi, n'kutambasula manjawo kuti onse aone kuti iwo sanawonjezepo kanthu. Abdallah anagwetsa mutu. Hidaya anaimirira osapempha.

"A Jameson, kwezani mkono wakumanzere."

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Mose.

"Akweze kaye, atsibweni. Kwezani, bambo, mufike nawo pamutu."

Jameson anayesa. Mkono unafika paphewa, nkhope n'kukwinyika, n'kuutsitsa msanga.

"Nthiti imeneyo ndinathyola ndine, ndi manja awa. Inalira ndikuimva. Munthu ali maso angathyoledwe nthiti osanena n'komwe kuti mayo? Anzanu anakupondani pamimba, anakuzondotsani, mutu ukukhula mchenga, inu muli phee, mukupuma? A Jameson, ine sindikufuna zikomo wanu. Ndikufuna munene kuti munali mutafa!"

"Mayi," anatero a Ayub, "sitinabwere kudzawerenga nthiti. Mwini thupi wanena yekha."

"Wanama!"

"Kaya wanama kaya sananame, anthu amva zimene amva. Ife tsopano tione pokonza." Anatembenukira kwa a Mose, ndipo akuluakulu awiriwo anagundanitsa mitu kwa kanthawi. Kenako a Ayub anapitiriza. "Nkhani ndi yaing'ono. Mawa m'mawa mayiwa apite pamathandala, amayi onse ali pomwepo, akanene kuti anachita mopupuluma, anatengeka ndi za m'mabuku a ana, ndipo sadzabwerezanso. Akatero, mwamuna wawo wayeretsedwa, banja lipitirire."

"Wamva, Hidaya?" anatero a Mose mwachifundo. "Ndi mawu ochepa. Pepesa, mwana wanga. Kwathu chaka chino mpunga sunachite bwino, ukudziwa wekha. Ukabwerera ukadya chiyani ndi mwana?"

Hidaya anayang'ana mwamuna wake. Ankamukonda bamboyu, ndipo zimenezo ndi zimene zinkapweteka. Ndi yemwe anamuphunzitsa kusiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzulo, yemwe anagulitsa njinga yake nthawi imene Sumaiya anadwala malungo aakulu. Mawu ochepa ndithu. Anayesa kuwayala m'kamwa kuti aone ngati angatuluke, ndipo anatsala pang'ono kuvomera. Koma anaganiza za amayi a pamathandala, mmene adzamvetserere, ndi chimene adzatolepo.

"Atsibweni, ndikakanena kuti ndinalakwa, amayi onse aja akamva kuti munthu akamira, mkazi wanzeru amapinda manja. Nanga tsiku limene adzavuulidwe Sumaiya, amuna akumuzondotsa, ine ndili kumsika? Adzagwade ndani? Onse adzaima chilili kuopa kanema. Ine zimenezo sindinganene."

"Mwaona mwano wake?" anatero a Sakina. "Akutemberera ndi mwana yemwe!"

"Bambo a Sumaiya," anatero Hidaya, osawayang'ana n'komwe alamu akewo, "nenani inuyo. Ndinalakwa?"

Maso onse anatembenukira kwa Abdallah. Kumpanda nakonso aliyense ankadikira kuti aone ngati bamboyu ndi mwamuna kapena ayi, monga mmene iwo amayezera amuna. Pomaliza analankhula akuyang'ana mizu ya mango.

"Akapume kaye kwawo. Mpaka nkhaniyi izizire."

Palibe amene anafunsa kuti izizira liti. Tonse timadziwa kuti mkazi wopita kukapuma kwawo, mphasa yake imayalulidwa sabata yomweyo. Jameson anachoka osatsanzika, akuyenda chopendekera. A Mose anapukusa mutu, n'kukwera njinga yawo kuti akakonzeretu malo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka mwera unali utakula kuposa masiku onse. Nyanja inkamveka ngakhale uli m'nyumba, ndipo mchenga unkalowa pansi pa chitseko. Hidaya ankamanga katundu, n'kumasula, n'kumanganso, osadziwa kuti poto uyu ndi wake kapena wa nyumbayi. Sumaiya anali atapita kumsewu kukaitana njinga yamoto ya kabaza. Abdallah analowa, n'kugwada, n'kuyamba kumuthandiza kukoka chingwe cha mtolo.

"Kanema yense ndinamuona," anatero osakweza mutu. "Wosadula uja. Anandionetsa mwini foni."

"Liti?"

"Sabata yoyamba ija."

Hidaya anasiya chingwe. "Ndiye mukudziwa."

"Ndikudziwa. Anali atapita munthu uja. Wallahi, ndinaona mmene munalimbikira, mpaka ine misozi."

"Nanga pansi pa mango paja munasowa pakamwa?"

"Anthu, mayi a Sumaiya."

"Anthu," anabwereza Hidaya. Anafuna kukuwa, kumugwira malaya, kumugwedeza, koma mphamvu zake zinathera m'mawu amodziwo. Akanakhala kuti mwamunayo ankakhulupirira bodzalo, mwina akanamukhululukira. Abdallah anamaliza mfundo yake, n'kutuluka kukaima pakhonde.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, n'kulowa a Sakina. Lero analibe chitenje cha m'chiuno. Mpango unali utakhota, maso ali psuu. Anabweza chitseko kumbuyo kwawo, n'kuima atachitsamira.

"Mwabwera kudzaona ngati ndatenga supuni za eni?" anafunsa Hidaya.

"Ayi, alamu." Mawu awo anali aang'ono, osazolowereka. "Idi sanabwere."

Idi anali mwana wawo woyamba, mnyamata wamkulu kale, amene anali atangoyamba kumene kupita ndi boti za usipa.

"Boti zonse zafika, yawo yokha ndi imene sinafike. Ena akuti anaiona chakumpoto ikulimbana ndi mafunde, injini itazima. Amuna apita kukayang'ana m'mbali mwa gombe." Anasendera pafupi. "Alamu, zija munachita zija. Manja mumaika pati?"

Hidaya anawayang'ana. Zinthu zambiri zinabwera pakamwa pake nthawi imodzi, zonse zowawa, zonse zoyenera. Mayi ameneyu ndi amene anamuchotsa m'nyumba muno, ndipo sanabwere n'kupepesa komwe. Koma nkhope imene inali patsogolo pake inali ya mayi amene wakhala akuyang'ana nyanja kuyambira mbandakucha.

"Kufotokoza sikuthandiza," anatero. "Mpaka muone ndi kumva m'thupi mwanu. Mugone pansi."

A Sakina anasuzumira pawindo, n'kukoka katani. "Chabwino. Koma mwachangu, anthu asaone."

Hidaya anapinda mkeka, n'kuunyamula, n'kuwadutsa alamu akewo. Anatsegula chitseko mpaka kumapeto, n'kukauyala pabwalo, pafupi ndi njira imene amayi amadutsa popita kudoko. Amayi atatu amene ankadutsa ndi mabeseni anachepetsa liwiro.

"Alamu, chonde, m'nyumba momwemo," ananong'ona a Sakina ali pakhomo.

"Idi akamuvuula sadzamubweretsa m'chipinda. Adzakhala pamchenga, doko lonse likuona, mafoni ali m'mwamba. Ngati simungathe pano, kumeneko simukathanso."

A Sakina anaima, dzanja lili pa felemu. Anayang'ana amayi aja, amene tsopano anali atatula mabeseni, ena akuitana anzawo ndi manja. Anayang'ana mchimwene wawo pakhonde, koma iye sanawathandize. Mphepo inabweretsa mkokomo wa nyanja, ndipo mayiwo anatsika pakhonde, n'kuyenda mpaka pamkeka, n'kugona chagada mpango uli pafumbi.

Kumsewu njinga yamoto inaliza hutala, Sumaiya atakhala kale kumbuyo. Hidaya anakweza dzanja kuti adikire. Anagwada, n'kupendeketsa mutu wa a Sakina, n'kukweza chibwano.

"Sendezani kuno, amayi, musaonere patali. Choyamba mumvetsere ngati akupuma. Musamuzondotse, ngakhale amuna akalipe bwanji. Mutsine mphuno chonchi." Anatsina, mwina mothinitsa pang'ono kuposa mmene zimafunikira. Kenako anatembenukira kukhonde, kumene mwamuna wake anali ataima manja ali m'thumba.

"Nanunso bwerani pafupi, bambo a Sumaiya, muonetsetse. Mawa ine kuno kulibe."